Mphamvu ya mawu akuti "ayi" mu filimu ya Coming to America

Filimu ya Coming to America inatuluka m'chaka cha 1988, mayi anga akadali ku pulayimale. Ine ndinaionera koyamba ndili ndi zaka 11 kunyumba kwa amalume, pa chimbale chokalikakalika chomwe chinkangoimaima mpaka wina achipukute ndi malaya. Chaka chatha tinaioneranso ku hositelo pa laputopu ya mnzanga, anthu asanu ndi atatu titapanikizana pa mabedi awiri, ndipo tinaseka malo omwewo amene amalume ankaseka. Itatha panabuka mtsutso: n'chifukwa chiyani filimu yakale chonchi siisukuluka?

Anzanga ambiri anati chinsinsi chake n'chakuti imaonetsa Africa wolemera osati wa njala ndi nkhondo. Mfundoyi ndi yomveka, koma ine siindigwira mtima. Zamunda, dziko lopeka lomwe Akeem akuchokera, ndi maloto a anthu a ku America. Njovu zimangoyendayenda pabwalo la nyumba yachifumu, atsikana amamwaza maluwa pomwe mfumu ikuponda, ndipo Akeem ndi bambo ake, Mfumu Jaffe Joffer, amayankhulana m'Chingerezi chokhachokha ngakhale ali awiriwiri. Ena anati ndi luso la Eddie Murphy, yemwe kuphatikiza pa Akeem anaseweranso wometa tsitsi Clarence, nkhalamba yachiyuda Saul ndi woimba Randy Watson, aliyense ndi kayankhulidwe kakekake. Lusolo ndi lenileni, koma nthabwala yomva kawiri kapena katatu imazirala.

Maganizo anga ndi akuti chomwe chimatibwezera ku filimuyi ndi akazi awiri, Imani ndi Lisa, komanso kusiyana kwa mayankho awo.

Pa tsiku lomwe Akeem akukwanitsa zaka 21, makolo ake akumuonetsa Imani, mtsikana amene waphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti adzakhale mkazi wake. Akeem akumufunsa nyimbo ndi zakudya zomwe amakonda, ndipo Imani akuyankha kuti amakonda chilichonse chimene mwana wa mfumuyo amakonda. Akumuuza kuti auwe ngati galu, iye akuuwadi. Akumuuza kuti adumphe ndi mwendo umodzi, iye akudumpha. Timaseka, komatu kusekako kumawawa.

M'kalasi ya sayansi ya ziyankhulo tinaphunzira za J. L. Austin, amene m'buku lake la 1962, How to Do Things with Words, anafotokoza kuti mawu ena safotokoza chinthu koma amachita chinthu. Chimodzi mwa zitsanzo zake ndi kuvomera kwa munthu pa ukwati: akangoyankhula, ukwati wamangidwa. Koma Austin anawonjezera kuti mawu otere amagwira ntchito pokhapokha zinthu zina zikakhala m'malo mwake. Ine ndikuona kuti chimodzi mwa zinthuzo ndi ufulu wokana. "Inde" wa munthu amene sangathe kunena "ayi" ndi phokoso chabe. Akeem sanawerenge Austin, koma ichi n'chomwe chikumuthamangitsira ku Queens, mumzinda wa New York, pamodzi ndi mnzake Semmi, kukakolopa pansi mu lesitilanti ya McDowell's.

Kumeneko akukumana ndi Lisa, mwana wa mwini lesitilantiyo, ndipo Lisa amadziwa kukana. Akukana Darryl, mnyamata wa ndalama za mafuta a tsitsi a Soul Glo, atalengeza chitomero pagulu osamufunsa. Akutsutsana ndi bambo ake, a Cleo, amene maso awo ali pa chuma cha mkamwini. Ndipo gawo limene ndimalikonda kuposa onse ndi la mu sitima yapansi panthaka, pomwe Lisa, atadziwa kuti woweta mbuzi uja ndi mwana wa mfumu, akumubwezera ndolo zamtengo wapatali n'kumukana, ngakhale Akeem akulonjeza pamaso pa anthu kuti ausiya ufumuwo. Lisa sakukana umphawi kapena chuma, akukana bodza. Akeem anamuyesa mayeso iye osadziwa, ndipo mkazi aliyense wodzilemekeza angakwiye nazo.

N'chifukwa chake pa mapeto, chophimba kumutu cha mkwatibwi chikachotsedwa n'kuoneka kuti ndi Lisa, mitima yathu imakhala pansi. Tamuona akukana katatu, choncho kuvomera kwake kuli ndi kulemera. Atsikana amene tinaonera nawo usiku uja anamvetsa zimenezi msanga kuposa anyamatafe. Mmodzi anati kwawo azakhali ake ayamba kale kumutchulira mwana wa mwini magolosale, ndipo sakudziwa kuti adzawayankha bwanji osaoneka wamwano.

Sindinganene kuti filimuyi ilibe chilema. Akeem akapeza chimwemwe chake, palibe amene akufunsa za Imani. Mtsikana amene analandidwa mawu ali mwana akungotayidwa ngati nthabwala yomwe yatha ntchito. Mu filimu yachiwiri, Coming 2 America, yomwe inatuluka mu 2021, olemba ake anamubweretsanso akuuwabe patapita zaka zoposa 30. Anzanga anaseka. Ine ndinadikira kuti mwina tsopano wina amufunsa mofatsa chomwe iye mwini amakonda, n'kudikira yankho lake, koma filimuyo inathamangira kwina.