Satifiketi Yokha Sidyetsa Munthu

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, achinyamata zikwizikwi amabwerera kwa makolo awo. Malo a ku yunivesite ndi ochepa, ndipo ntchito za m'maofesi sizikwanira onse. Pamenepo m'pamene funso limadzuka m'mabanja ambiri: kodi mwanayu angathe kudzisamala yekha?

Zimene makolo amalakalaka si zachilendo. Amafuna kuti mwana asanakule adziŵe kuphika nsima, kuchapa ndi kusoka chovala chong'ambika, kubzala chimanga pa nthaŵi yake, kuŵeta nkhuku, ndiponso kugaŵa ndalama kuti zifike kumapeto kwa mwezi. Kale zonsezi zinkaphunziridwa pakhomo, pamtondo ndi kudimba, mwana akuonera akulu.

Boma nalo layesapo mbali yake. Gulu la Malaŵi Young Pioneers, limene linakhazikitsidwa mu 1963, linkaphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja, ngakhale kuti mbiri yake inadetsedwa ndi nkhanza za ndale kufikira asilikali atalilanda zida mu 1993. Mu 1999 kunabadwa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a luso la manja, ndipo mu 2015 boma linayamba kutsegula sukulu za ntchito zamanja m'maboma. Komabe kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18. Sukulu zoterezi sizingalandire khamu lonselo.

Ku pulayimale nakonso zinthu n'zothina. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza. Mphunzitsi angathe kulongosola kasungidwe ka ndalama pa bolodi, koma sangathe kugwiritsa mwana aliyense khasu kapena singano.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makolo ena, pofunitsitsa kuti mwana akhoze mayeso, amamchotsa pa ntchito zonse zapakhomo. Enanso amaletsa mnyamata kugwira mthiko, osaganiza kuti tsiku lina adzakhala yekha ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kopanda mlongo womphikira.

Choncho udindo waukulu ukadali pakhomo. Mphunzitsi alimbikitse, boma liwonjezere malo ophunzirirako, koma kholo lipatse mwana ntchito yolingana ndi msinkhu wake, limtume kumsika ndi ndalama zoŵerengeka, ndi kumlola kulakwitsa akadali pafupi ndi omuwongolera. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba.