Galimoto Ikadwala, Tipite Nayo kwa Yani?

Lero tikambirane za galimoto. Ambiri a ife kuno ku Finglas sitinagule galimoto kuti tizinyadira nayo. Luas imathera pa Broombridge, ndipo amene amagwira ntchito zausiku m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'mafakitale a m'mbali mwa M50 amadziwa kuti galimoto ikakana kulira m'mawa, malipiro a tsikulo apita. Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wagula galimoto wagulanso sevisi, ndipo funso limene timafunsana tikakumana n'lakuti: kodi tizipita nayo kwa dila wa kampani imene inaipanga, kapena tizingoikonza tokha pakhomo?

Kumudzi funsoli silinkativuta. Ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande, makaniko amamvetsera kulira kwa injini n'kukuuzani matenda ake, mtengo n'kukambirana pomwepo. Ambiri tinabwera ndi mtima umenewo, ndipo ena mwa ife sipanala timaigwira bwino ndithu. Kungoti kuno galimoto imayang'aniridwa ndi lamulo, komanso galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta m'kati.

Tiyambe ndi lamulo. Kuyambira mu 2000, galimoto za anthu wamba mu Ireland zimayesedwa pa NCT, imene tingaiyerekeze ndi COF ya kwathu. Galimoto imayesedwa koyamba ikakwanitsa zaka 4, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo ikafika zaka 10 imayesedwa chaka ndi chaka. Poti ambiri timayendera galimoto zakale, ulendo wa ku Northpoint, pafupi ndi Ballymun, ndi wa chaka chilichonse. Kuyambira Januwale 2025 mayesowa ndi €60, ndipo mukalephera, kubwereza pa makina ndi €40. Oyesawo safunsa kuti anakonza galimoto ndani. Mwa zina, amaona ngati mabuleki akugwira, magetsi akuyaka, utsi uli bwino ndi matayala ali ndi mano osachepera mamilimita 1.6.

Apa ndi pamene manja athu angatipulumutsire ndalama. Kuona mulingo wa oyilo ndi madzi a mu injini, kupopa matayala, kusintha mawaipa, mababu ndi fyuluta ya mpweya, zonsezi sizifuna digiri. Buku la galimoto limafotokoza, ndipo munthu amene sanagwirepo angaphunzire Loweruka limodzi. N'zomvetsa chisoni kubwezedwa ku NCT chifukwa cha babu limodzi lakufa limene mwana akanatiuza ataima kumbuyo ife tikuponda buleki.

Kusintha oyilo nakonso n'kotheka pakhomo, koma pali zinthu ziwiri zoti tisamale. Choyamba, tisalowe pansi pa galimoto itangoima pa jeke. Jeke ndi yosinthira tayala basi; wolowa pansi ayambe waika zitsulo zochirikizira, pamalo athyathyathya. Chachiwiri, oyilo wakale tisamuthire mu ngalande ya pamsewu. Madzi a mvula a m'ngalande zambiri amatsikira kumitsinje, ndipo kwa ife mtsinje wake ndi Tolka. Timuike m'chigubu, titseke bwino, tikasiye kumalo a khonsolo olandirira zinyalala zotere. Amene tikukhala m'nyumba zalendi kapena m'mafulati tiyambenso tafunsa eni ake, chifukwa si onse amalola kukonzera galimoto pamalo oimikapo.

Nanga kwa dila? Mtengo wake ndi wokwera, palibe wotsutsa, koma zilipo ntchito zimene ndi zake. Kampani ikapeza kuti galimoto zake zinatuluka ndi vuto, imaziitanitsa n'kukonza ulere. Chitsanzo chachikulu ndi ma airbag a kampani ya Takata, amene ankaphulika moponya tizitsulo, mpaka galimoto mamiliyoni ambiri zinaitanidwa padziko lonse ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Ngati galimoto yanu inadutsa m'manja ambiri, kapena inachokera ku Japan kapena ku Britain, kalata yoitanira mwina sinakupezeni. Imbani kwa dila, muwapatse nambala ya chesesi, aone. Safunsa anadya phula. Chimodzimodzinso galimoto za hybrid monga Prius ndi Aqua: mawaya a mtundu wa olenji amanyamula magetsi oti n'kupha munthu. Amenewo tiwasiyire ophunzira ntchitoyo.

Pali bodza lina limene lafala pakati pathu, lakuti galimoto ikakhala pa waranti, ukangopita nayo kugalaja ina, waranti yatha. Malamulo a European Union, a mu 2002 ndi amene anawalowa m'malo mu 2010, amalola mwini galimoto kuchititsa sevisi ku galaja yoima payokha popanda kutaya waranti ya kampani, bola ntchitoyo itsate nthawi imene kampani inalemba ndipo zipangizo zikhale zoyenera. Komabe umboni wake ndi pepala. Mukasintha oyilo nokha pa galimoto imene ikadali pa waranti, injini n'kudzavuta, mudzavutika kutsimikiza kuti munachita bwino. Amene anatenga galimoto pangongole ya PCP awerengenso pangano lawo, chifukwa lingathe kukhala ndi mfundo zake pa za sevisi.

Choncho njira si ziwiri zokha. Yachitatu, imene ikuyenera ambiri a ife, ndi galaja yoima payokha, ndipo zoterezi zilipo zambiri kuno, kumbali ya Jamestown Road ndi ku Dublin Industrial Estate. Mabuleki, kilatchi, lamba wa taiming'i ndi mashoko ndi ntchito zawo. Lamba ameneyu akaduka galimoto ikuyenda, pa injini zambiri mavavu amawombana ndi mapisitoni, ndipo kukonza kwake nthawi zina kumaposa mtengo wa galimoto yakale. Buku limanena makilomita kapena zaka zosinthira. Tisamayembekeze kuti alire kaye.

Amene tili ndi galimoto za dizilo tili ndi kankhani kathu. Msonkho wa galimoto utayamba kuwerengedwa potengera utsi mu 2008, anthu ambiri mu Ireland anagula za dizilo, ndipo zambiri mwa izo ndi zimene tikugula ife lero. Zili ndi fyuluta yogwira mwaye, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha injini ikatentha paulendo wautali. Ngati ulendo wanu ndi wa kusukulu ndi ku Clearwater basi, imatsekeka. Muziitulutsako pa N2 kapena M50 nthawi ndi nthawi. Kanyali kake kakayaka, musalole munthu kungokazimitsa ndi kompyuta kapena kuchotsa fyulutayo.

Tifike pa nkhani yovuta kuinena pagulu. Tonse tili naye mnzathu wodziwa galimoto amene amakonza motchipa madzulo akaweruka. Ena ndi aluso zedi. Koma mabuleki akakanika pa Finglas Road ana ali kumbuyo, mudzamugwira ndi chiyani? Ndipo mudzayamba bwanji kukangana ndi munthu amene mumapemphera naye limodzi? Ndi galaja yolembetsedwa mumayamba mwafunsa mtengo wolembedwa, mumawauza kuti asachite ntchito ina asanakuimbireni, ndipo pomaliza mumalandira lisiti. Zikalakwika, bungwe la CCPC limapereka malangizo, ndipo khoti la milandu ing'onoing'ono limamva madandaulo osapitirira €2,000 mutalipira €25 yokha. Popanda lisiti, nkhani imathera m'kunyinyirika ndipo ubale umawonongeka. Mnzathuyo atiphunzitse zing'onozing'ono, atiperekeze pokagula galimoto, ndipo ngati luso lake ndi lalikulu, timulimbikitse alembetse bizinesi yake kuti tizipita kwa iye ndi mtima pansi.

Tikupempha banja lililonse ligule kafayilo kamodzi koikamo malisiti onse a galimoto, ngakhale a oyilo amene mwagula nokha, mutalembapo tsiku ndi makilomita. Tsiku logulitsa galimoto, kafayiloko kadzakulankhulirani. Ndipo musanagone lero, tulukani mukaone tsiku limene lalembedwa pa pepala la NCT lili pagalasi, chifukwa malo oyesera amadzaza msanga.