Tsankho Lobisala M'mitima ya Olemba Anthu Ntchito



Malamulo a dziko lathu sanabise mawu pa nkhani ya tsankho. Gawo 20 la Malamulo Aakulu a 1994 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, chilankhulo, chipembedzo, ulumali kapena poti ndi mkazi. Lamulo la ntchito la 2000 linatsindika zomwezo, ndipo lamulo la 2013 loona zoti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi linati polemba anthu ntchito m'boma, akazi kapena amuna asachepere 40 mwa anthu 100 alionse.

Komabe chomwe chikutidetsa nkhawa ndi tsankho limene mwiniwake salidziwa. Wolemba ntchito angathe kulumbira ndi mtima woona kuti sakondera, koma akangowerenga dzina la Gondwe, Phiri kapena Saidi pa kalata yofunsira ntchito, mtima wake wayamba kale kugamula. Amamasuka ndi amene akulankhula ngati kwawo, nanena kuti ameneyo "akuoneka wokhulupirika". Mayi wachitsikana amamuganizira za uchembere asanamve luso lake. Wa pa njinga ya olumala amamumvera chisoni m'malo momufunsa mafunso. Ku America, kafukufuku wa Bertrand ndi Mullainathan wa 2004 anapeza kuti makalata ofanana maphunziro ndi luso ankayankhidwa mosiyana malinga ndi dzina: okhala ndi mayina omveka achizungu ankaitanidwa kochuluka kuposa okhala ndi mayina omveka a anthu akuda.

Kwathu kuno bala limeneli ndi lakale. Sitinaiwale chaka cha 1989 pamene aphunzitsi analamulidwa kubwerera ku zigawo zakwawo. Tsankho limenelo linali la poyera, ndipo lamulo lerolino lingathe kuliletsa. Koma maganizo amene linadzala, oti wa chigawo china ndi wokayikitsa, sathetsedwa ndi lamulo lokha. Makolo anati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ndi zoona. Koma ofesi ya boma imayendetsedwa ndi misonkho ya Amalawi onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Pamene waluso wasiyidwa, amene amalira ndi wodwala pa chipatala ndi mwana m'kalasi.

Popeza munthu sangadzigwire yekha pa cholakwa chimene sakuchiona, tikupempha Komishoni yolemba anthu ntchito m'boma, makampani, ngakhalenso sukulu ndi zipatala za mipingo yathu, kuti akhwimitse ndondomeko zawo. Posankha oitanidwa ku mayeso, dzina, mudzi, mfumu ndi boma lochokera zibisidwe. Mafunso ndi malikisi ake zikonzedwe ofunsidwa asanalowe, ndipo zikhale zofanana kwa onse. Pa gulu la ofunsa pakhale amayi ndi abambo a zigawo zosiyana, aliyense alembe malikisi ake payekha wapampando asanalankhule, chifukwa mawu a bwana amakokera ena onse mbali imodzi. Tikupemphanso Nyumba ya Malamulo kuti chaka chilichonse izifunsa unduna uliwonse chiwerengero cha amayi ndi anthu a ulumali amene walemba ntchito ndi kuwakweza pa udindo.