Makatuni Anu Ndi Ouma, Bwerani ku Mua

Abale a m'gulu lino, lero ndili ndi anyamata athu opanga makatuni. Kujambula mumatha, koma anthu anuwo ndi ouma gwa ngati zidole za m'sitolo. Agogo akuyenda chimodzimodzi mwana wasukulu. Wokwiya ndi wachisoni akungosiyana pakamwa pokha. Ndiye mukuti vuto ndi kompyuta? Bodza!

Popanga filimu ya Bambi ya 1942, a Disney anabweretsa agwape amoyo kuti ojambula aphunzire kayendedwe kawo. Inu sukulu muli nayo pakhomo. Kuno ku Mua, ku Chamare Museum ya Kungoni, kuli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Mukaziona, mukaonenso gule ali m'bwalo. Nkhope ya Chadzunda siphethira, simwetulira, koma akangolowa akutsimphina, aliyense amadziwa kuti yafika nkhalamba yaulamuliro. Maliya akatulukira, mapewa ndi chiuno ndizo zimayankhula. Khalidwe limaonekera m'thupi: kaponde ka phazi, kaimidwe, kacheukidwe.

Ena mukuti n'zachikunja. UNESCO inamulemekeza guleyu mu 2005, eni akenu mukumuthawa. Palibe wati muulule za kudambwe. Khalani pabwalo, penyani basi. Mukamangokopera za pa YouTube, ana athu adzaonera anthu ovala zitenje koma akuyenda ngati a ku Hollywood.