Musathamangire kuapudeta, bandulo si ya boma

Achinyamata amene akuphunzira Python kuno ku Chanyanya ali ndi kachizolowezi kamene kamandiwawa. Akalemba pip list --outdated n'kuona mndandanda wautali, mtima umawakwera, amafuna kuapudeta zonse tsiku lomwelo. Taimani kaye, anyamata.

Kapulogalamu kanu kowerengera malonda a nsomba za mu Kafue katsamira pa pandas, ndipo pandas yatsamira pa NumPy. Mu June 2024, NumPy 2.0 itatuluka, ambiri amene analemba pip install --upgrade numpy anapeza pandas yawo yakale ikukana kutseguka, poti inamangidwa pa NumPy 1. Chinali chaka chomwe chija cha chilala, madzi atachepa ku Kariba, a Zesco akuzimitsa magetsi maola ambirimbiri. Wa mu ofesi ku Lusaka amangotsitsanso pa Wi-Fi ya abwana. Inu ndi bandulo ya m'thumba mwanu, batire nayo ikutha.

Ndiye musanakhudze kanthu, lembani pip freeze > requirements.txt. Kafailo kameneko kamasunga dzina ndi nambala ya phukusi lililonse, ndipo zikavuta mumabwerera ndi pip install -r requirements.txt. Apudetani phukusi limodzi lokha limene muli nalo chifukwa, kenako pip check ikuuzeni ngati ena ayambana. Mu pip mulibe lamulo loapudeta zonse pakamodzi, ndipo ine ndimati amene anaipanga anatichitira chifundo.

Kuchotsa nako kuli ndi msampha. Mukalemba pip uninstall pandas, imakufunsani kaye, mukavomera imachotsa pandas yokhayo. NumPy ndi python-dateutil, zimene zinabwera nayo, zimatsala phee, ngati namasupuni amene mwamukankha pa doko koma mawa bwato likodwanso pomwepo. N'chifukwa chake ntchito iliyonse izikhala ndi khola lakelake: python -m venv ntchito. Ikatha, mufufuta foda yonseyo, basi.

Amene muli pa Ubuntu 23.04 kapena Debian 12 kupita m'tsogolo, mwina munaona pip ikukukanizani ndi mawu oti externally-managed-environment. Si chipongwe ayi. Makina enieniwo amayendera Python yomweyo, ndipo mukazula phukusi lawo ndi sudo, zida zina za kompyuta zimafa. Pali --break-system-packages, inde, koma dzina lokhalo lakuchenjezani kale.

Nanga bandulo? Mmodzi wa inu akapita ku Kafue town kumene netiweki ndi yamphamvu, alembe pip download -r requirements.txt -d mapukusi, aike fodayo pa fulashi. Enanu mulowetse ndi pip install --no-index --find-links mapukusi -r requirements.txt, popanda intaneti. Chachikulu n'choti Python yanu ndi yake zikhale za nambala imodzi, ndipo wa Windows asatengere wa Linux.