Musapirire M'malo mwa Wodwala

Pali mawu amene amamveka pakhomo pamene pali wodwala khansa yosachizika: "Asiyeni apirire, machimo akufafanizika." Onena zimenezi amakhala atamasula, akhuta futari, pamene mayi m'chipinda akubuula mpaka nthawi ya daku. N'zoona kuti Allah amalipira wopirira pa matenda. Koma kupirirako n'kwa wodwala. Inu athanzi simunatumidwe kumuonjezera mayeso.

Thandizo lilipo, tikungolikana dala. Ku Salima kuli Ndi Moyo, imene anayambitsa namwino Lucy Finch. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli Tiyanjane yosamalira akulu ndi Umodzi yosamalira ana. Ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu ndi mavuto a munthu amene matenda ake sangachire. Amapereka morphine wamadzi, womwa pa maola 4 alionse, pamodzi ndi mankhwala oletsa kudzimbidwa kumene amabwera nako. Amaphunzitsa wodwazika kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda kumsana, kutsuka bala lonunkha, kumudyetsa pamene kumeza kwavuta. Amakhalanso pansi ndi banja n'kulifotokozera zoona, zimene ife timabisa mpaka munthu amwalira osanena wasiya, ngongole zake osazitchula, ana n'kutsala akukangana.

Ena amati morphine ndi haramu chifukwa ali m'gulu la zoledzeretsa. Ma ulama amaloleza mankhwala otere pamene dokotala waona kuti akufunikadi ndipo wapereka muyezo wake. Ena amati amafupikitsa moyo. Nanga si ife tomwe timaphunzitsa ana ku madrasa kuti nthawi ya imfa inalembedwa kale? Munthu amene ululu wamutherako amatha kuswali chogona, kupempha chikhululuko kwa m'bale wake, ndi kutsatira shahada pamene mukumukumbutsa. Amene akugubuduzika ndi ululu sakumvani n'komwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri chimachitika mwezi uno. Agogo ofooka akukakamira kumanga, akudumphitsa mankhwala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, abale n'kumawayamikira kuti ali ndi imani yolimba. Wodwala analoledwa kusamanga, ndipo amene sakuyembekezeka kuchira amangopereka fidya, kudyetsa mmphawi pa tsiku lililonse. Shehe amene akuona izi n'kukhala chete akuwalakwira agogowo.

Tsono tikaika maliro ndalama zimapezeka. Mpunga wa sadaka, mbuzi, minibasi ya abale ochokera kutali, zonse zimatheka tsiku limodzi. Koma ya kabaza yoti mtsikana wodwazika akatenge botolo lina la mankhwala kuchipatala inkasowa miyezi itatu, ndipo mtsikanayo anasiya sukulu akuchapa nsalu za mayi ake yekha, ife tikudutsa pakhomopo kupita ku tarawehe.