Mwana Agwire Sikelo ndi Manja Ake

Kaŵirikaŵiri tikamayendera aphunzitsi amene ali pa maphunziro oyeserera, timapeza sikelo yojambulidwa bwino pa bolodi, ana nkumaloŵeza kuti kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000. Ife tikuti phunziro lotere nlopereŵera. Mwana amene sanagwirepo sikelo sadziŵa kuyeza, ngakhale atakhoza mayeso.

Sikelo zili za mitundu ingapo, ndipo mphunzitsi ayenera kudziŵa kusiyana kwake. Sikelo ya mbale ziŵiri imafanizira katundu ndi miyala yoyezera yodziŵika kale kulemera kwake. Sikelo yopachika, ya mbedza ija, ili ndi sipuling'i m'kati, ndipo imayeza mphamvu imene dziko likukokera katunduyo pansi. Chifukwa chake pa mwezi, kumene mphamvu yokoka ili pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya dziko lathu, sikelo yopachika ingaonetse chiŵerengero chochepa, pamene ya mbale ziŵiri singasinthe yankho lake. Palinso sikelo ya magetsi imene imalemba yokha manambala; iyinso imalakwa ngati siinayambire pa 0.

Ena adzati sukulu zilibe zipangizo. Nzoona, koma ndodo yowongoka, chingwe ndi zitini ziŵiri zofanana zikwanira kupanga sikelo ya mbale ziŵiri. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Tsono ana angathire mchenga m'kathumba mpaka ufanane ndi madziwo, nakhala ndi mwala wawo woyezera. Poyamba ayerekeze kulemera kwa chinthu m'manja, kenaka ayeze, aone ngati analondola.

Nkhaniyi siithera m'kalasi. Ambiri mwa ana athu ndi a alimi, ndipo tsiku lina adzaimirira pamaso pa wogula chimanga, mtedza kapena soya. Sipuling'i imafooka ikakalamba, ndiponso munthu wosakhulupirika angathe kuisokoneza dala. Mwana wophunzitsidwa bwino adzayang'ana ngati muvi wa sikelo uli pa 0 thumba lisanapachikidwe, ndipo adzadabwa thumba lodzaza la makilogalamu 50 likaonetsa 44. Makilogalamu 6 otayika pa thumba lililonse ndi thukuta la makolo ake.

Choncho tikukupemphani inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi kuti pokaphunzitsa mutu umenewu, choko chidikire kaye, ana ayambe agwira sikelo.